Mbale ya Kapitawo, Mphaka wa a Nesi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga takhala naye zaka zambiri, amadziwa chipsera chilichonse cha m'thupi langa ndi kumene ndinachitenga, koma iyi saidziwa. Ana anga akaiwerenga muno adzaseka, ndipo sindiwaletsa, pakuti ndi nkhani ya mphaka. Inenso ndikamaikumbukira ndimayamba ndi kuseka. Kungoti ikamafika kumapeto pali kanthu kamene kamandiima pakhosi, ndipo kakhala pamenepo mpaka tsitsi langa layera.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, chaka chija anthu anavota koyamba zipani zili zambiri. Makolo anga anali matenanti pa esiteti ina ya fodya chakufupi ndi kwa Kapondo kuno ku Mchinji. Anachoka ku Mulanje ine ndili kumsana. Ana tinalipo asanu ndi awiri, ndipo nyama tinkaiona pa Khirisimasi basi, kupatula mbewa. Pa mbewa pokhapo ndinali katswiri. Ndinkasiyanitsa una wa kapuku ndi wa phanya pongoona dothi lapakhomo pake. Anthu akakolola nkutentha mapesi, ndinkalowa m'minda ndi kakhasu kanga, ndipo pobwerera mpani unali wodzaza.

Fodya atatha kugulitsidwa ntchito pa esiteti inachepa, ndipo amayi anandipezera malo kwa a Nesi, kuti ndizikatunga madzi, kusesa ndi kuwaza nkhuni. Dzina lawo anali Mayi Tembo, koma aliyense ankangoti a Nesi. Anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za ku Zambia, ndipo atapuma anabwerera kumudzi kwawo namanga nyumba ya malata. Anabwera ndi wailesi yaikulu, makina osokera, Chinyanja cha tsidya lija chonena kuti "nifuna" ndi "manje", komanso mphaka.

Mphakayo anali wamphongo, wamutu waukulu, ubweya wofiirira ngati tsamba la fodya louma bwino. Anamutcha Kapitawo chifukwa tsiku lonse ankangokhala pakhonde, kuyang'ana anthu akugwira ntchito, iye osagwira kanthu.

Tsiku loyamba a Nesi anandikhazika pamphasa nandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Iwe Fanuwelo, muno muli odwala awiri," anatero. "Woyamba ndine. Wachiwiri ndi uyo akukuyang'ana ngati wamuba kanthu. Tonse tili ndi shuga."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Anandifotokozera kuti ali ku Chipata anaona mphaka wawo akumwa madzi ngati ng'ombe, akudya kwambiri koma nkumaonda. Tsiku lina anapeza nyerere zitadzaza pamene anakodza. Pokhala nesi, komanso wodwala shuga mwini wake, anadziwa. Dokotala wa ziweto anatsimikiza nawauza mlingo wa mankhwala. Kuyambira pamenepo kabotolo kamodzi ka insulini kankathandiza onse awiri. Kankakhala mumtsuko wa mchenga wonyowa pakona ya chipinda, pozizira, ndipo ntchito yanga ina inali kuthira madzi mumchengamo kuti usaume.

Kenaka anandionetsa mbale ya Kapitawo, yachitsulo, yoyera, ya mzere wabuluu m'mphepete. M'mawa munkalowa dzira lowiritsa ndi usipa wotsukidwa mchere nkuuwiritsa. Madzulo chimodzimodzi, koma tsiku la msika munkalowa chiwindi kapena tinyama ta ng'ombe. Nsima ayi, ngakhale kambamu kakang'ono, chifukwa imakweza shuga.

Apa mpamene ndinadabwa kwambiri. Kwathu mwana akatapa ndiwo kawiri pa mbamu imodzi ankalandira khofi pamutu. Tsono apa panali cholengedwa cha Mulungu chodya ndiwo zokhazokha, m'mawa ndi madzulo, chaka chonse.

"Lamulo ndi limodzi," a Nesi anatero. "Ayambe wadya, jakisoni pambuyo. Iwe uzimudyetsa kukhitchini, ine nizibaya kuno. Nikakufunsa kuti wadya, uzinionetsa mbale."

Ndinavomera, ngakhale chifukwa chake sindinachimvetse, ndipo sindinafunse.

Masiku amenewo anali okoma. A Nesi anali munthu wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wofewa. Ankasoka pamakina akuyimba, ndipo wailesi ikayamba za ndale ankaiyankha ngati ikuwamva. Anthu a m'mudzi ankabwera ndi zilonda, ana otentha thupi, ena kudzangoona ndi maso awo mphaka wobayidwa jakisoni. Kapitawo nthawi yake ikakwana ankakwera yekha pamiyendo yawo. Iwo ankatsina kachikopa kumbuyo kwa khosi lake, kasingano nkulowa, iye osatekeseka nkomwe, akungolira mkati ngati chigayo chapatali.

Amene sankasowa pakhomopo anali a Chikuse, msuwani wawo wa a Nesi, mkulu woyendetsa ngolo. Pokhala pachisuwani, awiriwo sankapatsana moni wabwinobwino.

"Akazi anga, mwadzuka? Nanga amuna anu enieni aja adzuka bwanji?" ankatero a Chikuse akuloza mphaka ndi chikwapu.

"Adzuka bwino, chifukwa iwo amasamba," ankayankha a Nesi. "Inu madzi munasiyana nawo nthawi ya atsamunda."

"Ine ndikuyendetsa ngolo ndi chiuno chowawa, jakisoni sindinaionepo. Mphaka kawiri pa tsiku. Mundilembeko inenso ntchito ya umphaka."

"Kulibe malo. Mungathe mazira onse."

Mazirawo ndi amene anandigwetsa ine.

Sindikunena kuti kwa a Nesi ndinkagona ndi njala. Masana ankandipatsa chakudya chabwino, nyemba, nkhwani, nthawi zina matemba. Koma m'mawa uliwonse ndinkasenda dzira lotentha ndi zala zanga, fungo lake nkundilowa m'mphuno, ine ndili ndi m'mimba mopanda kanthu kuchokera dzulo. Kwathu dzira linali la kugulitsa kapena la kuswa anapiye. Chibadwire ndinali ndisanadyepo dzira lathunthu ndekha. Ndinayamba ndi kunyambita zala. Kenaka kachidutswa ka koyera kaja, kamene kanakakamira ku chikhokho. Kenaka kachidutswa kamene sikanakakamire kalikonse.

Ndiye maganizo anandibwerera, ndipo pa nthawiyo ndinawaona ngati anzeru kwambiri. Ndinadzifunsa kuti kodi Mulungu polenga mphaka anamulengera dzira lowiritsa? Mphaka chakudya chake ndi mbewa, yaiwisi, ya ubweya wake. Amphaka a pa esiteti palibe ankawaphikira, ndipo palibe anadwalapo shuga. Mwina, ndinaganiza motero, matenda a Kapitawo ndi a kudya zophika. Ndinafika podziona ngati ndikumuchitira chifundo.

M'mawa wina ndinabwera ndi kapuku m'thumba la kabudula, wonona, wogwira dzulo lake madzulo. Ndinatseka chitseko cha khitchini nkumuika pansi. Kapitawo anaima chilili. Makutu anaimirira, mchira nkuyamba kugwedezeka. Mphaka uja waulesi, amene ngakhale nkhuku zinkamudumpha pakhonde, anadumpha ngati mwana. Anamuponya m'mwamba kapuku wakufa kale uja, kumugwira, kumubisa kuseri kwa nkhuni, kumutulutsanso. Kenaka anakhala pansi nkumudya kuyambira kumutu, mafupa akulira, nasiya kamchira kokha.

Ine ndinakhala pansi pambali pa mafuwa ndi mbale yoyera ija m'manja. Ndinadya dzira pang'onopang'ono, kuyamba ndi koyera, kachikasu nkukasiyira kumapeto. Kanasungunuka pa lilime ngati chiponde. Usipa wopanda mchere nawonso unalowa. Tinayang'anana ndi Kapitawo, aliyense akunyambita milomo yake.

"Fanuwelo, wadya?" anafunsa a Nesi ali m'nyumba.

"Wadya, amayi."

Ndinawaonetsa mbale, yoyera ngati yotsuka.

"Manje uyu wayamba kukhala ndi mtima wa kudya," anatero mokondwa. "Ukumudyetsa bwino."

Ndipo sindinaname kwenikweni, ndinadziuza motero. Anadyadi.

Kwa sabata imodzi ndi masiku angapo ine ndi Kapitawo tinali pa ubwenzi umene sindinakhalepo nawo ndi munthu. Ndikamafika m'mawa ankandichingamira kumpanda, kumadzikhuza m'miyendo mwanga, mphuno ili pathumba. A Nesi ankati, "Taonani, ine zaka zonsezi sananichingamirepo." Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkapita m'minda ndi kakhasu, ndipo mbewa zonona kwambiri sizinkafika pampani, zinali za bwenzi langa. Chiwindi cha tsiku la msika ndinkachidya nditatseka maso. Ndinkayenda ndikuliza likhweru, ndowa ya madzi ikupepuka pamutu.

Zinthu zinayamba kusintha mwakachetechete. Tsiku lina Kapitawo anadya mutu wa mbewa nasiya thupi. Mawa lake ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akusanza ubweya ndi timafupa. Ndinakwirira ndi dothi msangamsanga. Ndinaganiza kuti vuto ndi ubweya, choncho ndinamusendera, kuchotsa matumbo, kuduladula bwinobwino. Ananunkhiza, nanyambita kamodzi, nkutembenuka. Ndinaganiza kuti watopa ndi kapuku, ndinamubweretsera phanya. Anadya pang'ono ngati akungondichitira ulemu. Kumpanda anasiya kubwera.

Mantha anandigwira, ndipo ndinaganiza zobwerera ku zakale mwakachetechete. Lachinayi m'mawa ndinawiritsa dzira ndi usipa, osakhudza ngakhale kachidutswa, nkumuikira mbale yake pamaso pake. Kapitawo anayang'ana mbaleyo, nayang'ana ine, nkukagona pansi pa thandala la mbale. Ndinamunyengerera. Ndinamuikira kachikasu pamphuno, anapotoza mutu. Ndinayesa mbewa, ayi ndithu. M'mimba mwake munalibe kanthu kuyambira dzulo lake.

"Fanuwelo, nthawi yatha. Wadya?"

Pamenepo ndinali ndi njira ziwiri, ndipo ndinkaziona zonse bwinobwino. Ndikanati sanadye, a Nesi akanabwera kukhitchini. Akanamugwira pamimba, kumutsegula kukamwa, kufunsa mafunso a unesi aja, mpaka akanafika kuseri kwa nkhokwe. Ndinatenga dzira lija nkuliponya m'kamwa lonse, usipa pambuyo pake, kumeza osatafuna. Linandiima pachifuwa ngati mwala.

"Wadya, amayi."

Ndinamunyamula ndekha Kapitawo nkukamuika pamiyendo ya a Nesi. Anakoka mankhwala, kuyang'ana jakisoni kuwala kwa pawindo monga mwa masiku onse, nkubaya.

Dzuwa litakwera pang'ono, ndikusesa pabwalo, ndinaona Kapitawo akutsika pakhonde. Ankayenda ngati munthu wochokera ku kachasu, miyendo yakumbuyo ikupita kwina, yakutsogolo kwina. Anagunda mtondo, chinthu chachikulu choonekeratu, ngati sakuuona. Kenaka anagwa chammbali nayamba kunjenjemera, maso ali tong'o, malovu akutuluka.

Ndinaitana a Nesi ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga. Anali munthu wonenepa, wotupa mapazi, koma tsiku limenelo anatsika masitepe ngati mtsikana. Anagwada pafumbi ndi chitenje chawo chatsopano.

"Uchi. Pashelefu, kuseri kwa tiyi. Thamanga."

Ndinabwera nawo. Anaviika chala mubotolo nayamba kupaka m'nkhama za mphakayo, pang'onopang'ono, akumuyankhula motsitsa mawu ngati mwana. Anapakanso. Ine ndinaima ndi botolo m'manja.

"Shuga watsika kwambiri," anatero osandiyang'ana. "Izi zimachitika ukabaya munthu wosadya, kapena ukabaya mankhwala ochuluka. Anadya m'mawa?"

"Anadya, amayi."

"Zonse?"

"Zonse."

Anavula magalasi, nawayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nkuwaika pafumbi.

"Ndiye ndine," anatero. "Ndi maso awa. Nakoka mizere yambiri osaona. Moyo wanga wonse nakhala nikubaya anthu, ana obadwa lero, nkhalamba, sininalakwitsepo. Manje nafuna kupha mphaka wanga ndi dzanja langa."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Koma nthawi yomweyo Kapitawo anasiya kunjenjemera, natulutsa kalilime nkunyambita chala chawo. Anadzutsa mutu, nayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofunsa kuti pabwalo pano ndafika bwanji. A Nesi anaseka misozi ili m'masaya, namunyamula pachifuwa, ndipo ine ndinatseka pakamwa panga. Ndinadziuza kuti wachira, nkhani yatha.

Siinathe. Masana a Nesi anamuikira dzira ndi manja awo, Kapitawo anakana. Anayesa usipa, anakana. A Nesi anakhala pakhonde manja ali m'masaya.

"Uchi wangomudzutsa chabe," anandiuza. "Akapanda kudya siningabaye. Nikapanda kubaya, shuga amudya pang'onopang'ono. Ayenera kudya lero."

Mbiri pamudzi siichedwa. Dzuwa litapendeka tinamva mawu kumpanda, "Odi kuno kumatenda." Anali a Chikuse, atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa chili m'manja, katambala kali kukhwapa. Analowa mwaulemu monga alowera munthu wodzazonda wodwala, nakhala pansi pamphasa, nkuomba m'manja katatu kuloza kumene kunagona mphaka.

"Pepani a Kapitawo. Tamva kuti thupi silili bwino. Mwaswera bwanji?"

"Asuwani, lero sinifuna zoseka," anatero a Nesi.

"Ndani akuseka? Kumatenda sapita chimanjamanja. Nayu tambala. Wodwala wokana chakudya amafuna msuzi wa nkhuku, izi ngakhale ife osapita ku Zambia timazidziwa. Komanso akatisiya awa, chokolo ndilowa ndine, ndiye ndiyenera kuoneka kuti ndinayesetsa."

A Nesi anayesa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anawagenda ndi chitsononkho, a Chikuse nkuzinda.

Ndinapha tambala uja nkumusosola, ndipo a Nesi analamula kuti chidali chiwiritsidwe pachokha, popanda mchere, popanda anyezi. Ndikukoleza moto, a Chikuse anandiyang'anitsitsa.

"Koma mnyamata uyu mukumudyetsa chiyani? Anabwera pano ngati bango. Taonani masayawo, akuchita kuwala. Mnyamata kunenepa, mphaka kuonda. Pakhomo pano mankhwala mukubaya woyenera?"

Ndinaweramira pamoto nkuuzira kwambiri, kuti utsi ukhale chifukwa cha maso anga. A Nesi anangoti, "Musiyeni mwana, akukula," ndipo mawu amenewo anandiwawa kuposa chikwapu cha a Chikuse chikanandiwawira.

Msuzi utazizira mpaka kufika pofunda ngati mkaka wongokama, a Nesi anakhala pansi, miyendo tambalale, Kapitawo ali pakati. Anaviika chala nkumudontheza kadontho pamphuno. Mphaka sapirira kanthu pamphuno pake. Ananyambita kuti achotse. Anadontheza kena, ananyambitanso. Kachitatu anatsatira chala ndi mutu. A Nesi anatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka m'mbale, mutu wa Kapitawo ukutsatira, ndipo tinamva kalilime kakuyamba kugunda msuzi. Anamwa, napuma, namwanso. Anamunyenyera kanyama koyera kakang'ono ngati njere ya chimanga. Anakanunkhiza nthawi yaitali, ife mitima ili m'mwamba, kenaka anakatenga. Anatenganso kena. Atadya tokwana dzanja limodzi, anakhala tsonga nayamba kusamba kumaso ndi phazi lake.

"Aka," anatero a Chikuse akuvala chipewa. "Chokolo chandiphonya."

A Nesi anadzuka, namanga chitenje bwino, nkuvina pakhonde, mapazi otupawo akugunda simenti, akuyimba nyimbo ya kutchalitchi mothamangitsa ngati ya chinamwali. A Chikuse ankaomba m'manja. Ana amene ankasuzumira kumpanda anayamba kuseka, ndipo inenso ndinaseka, kuseka kwenikweni, chifukwa bwenzi langa linali moyo. Nkhuku yotsala anaikazinga ndi tomato, tinadya atatu pamphasa imodzi. A Nesi anatenga ntchafu yonse nkuiika m'mbale mwanga.

"Idya. Ukanapanda kumuona msanga, bwenzi pano tikukumba."

Nyama imene ndinkailota masiku onse, yopatsidwa poyera, inandivuta kumeza.

Titasamba m'manja anayamba kuyankhula ngati munthu amene waganiza kale.

"Muno mufunika maso ena. Maso anga sinikuwakhulupiriranso. Iwe Fanuwelo, manambala umawadziwa?"

"Ayi, amayi. Kusukulu sindinapiteko."

"Ati manje sukulu ndi yaulere, ndipo yunifolomu sakukakamiza. Akatsegulira ukalembetse. Ntchito uzigwira m'mawa ndi madzulo. Nifuna munthu woti nikakoka mankhwala aziniuza kuti apa ndi pa thuu, apa ndi pa folo."

Ndinati ndine wamkulu, ndevu zayamba kumera, tiana ta Sitandade 1 tikandiseka.

"Akuseke," anatero a Chikuse. "Ine andiseka moyo wanga wonse, ndipo dzina langa ndimalemba ndi chala chachikulu mpaka lero. Pita."

Ndinapitadi. Ndinakhala pansi pa mtengo pakati pa tiana tofika m'chiuno mwanga, ndipo sindinali wamkulu ndekha, chaka chimenecho tinalowa ambiri. Manambala ndinawagwira msanga chifukwa ndinali ndi powagwiritsa ntchito. Ndinafika Sitandade 8 ndili bambo wa ndevu zometa. Ntchito zonse zimene zalera ana anga ndinazipeza chifukwa chodziwa kuwerenga, ndipo ndi dzanja lomwelo ndikulemba izi. Kapitawo anakhala zaka zina zitatu, akuyang'anira anthu pakhonde pake, nafa ndi ukalamba. A Nesi pambuyo pake anatengedwa ndi mwana wawo kupita ku Lilongwe, ndipo anamwalirira komweko.

Chimene chimandiima pakhosi ndi ichi. Kuyambira tsiku lija mpaka pamene ndinawaona komaliza, a Nesi sanakokenso mankhwala okha. Ankaitana ine, ine kulibe ankaitana aphunzitsi oyandikana nawo, kapena mwana aliyense wa sukulu wodutsa pamsewu, kuti awaonere mizere. Amayi obwera ndi ana odwala anayamba kuwabweza, amvekere pitani kuchipatala, ine maso anatha. Koma maso awo anali abwinobwino. Zaka zonse zimene ndinawaonera jakisoni, sindinawapezepo atalakwitsa ngakhale kamzere kamodzi. Nthawi iliyonse ndinkati, "Zili bwino, amayi," ndipo nthawi iliyonse ndinkafuna kuonjezera mawu enawo, koma tsiku likapita amalemera kuposa dzulo lake.

Ndili mnyamata ndinkaganiza kuti tchimo langa linali mazira. Lero ndikudziwa kuti mazira sanali kanthu. Ndikanapempha, mayi aja akanandiwiritsira langa, mwinanso akanandiseka sabata yathunthu nkuuza a Chikuse. Ngakhale mbewa zija, kunali kupusa kwa mwana wodziyesa dokotala pa matenda amene sakuwadziwa. Chimene ndinaba chenicheni ndi chikhulupiriro chimene munthu anali nacho pa dzanja lake. Wosamala wodwala saona zonse. Amadalira mawu a amene wanyamula mbale, ndipo mawuwo akakhala abodza, mankhwala abwino amasanduka poizoni, wosalakwa nkudziweruza yekha. Ndipo chimene chimandisokoneza mpaka lero nchakuti chabwino chachikulu cha moyo wanga, sukulu, chinatuluka m'bodza lomwelo. Sindidziwa kuti zoterezi munthu amathokoza kapena amalapa. Ine ndimachita zonse ziwiri.

Kulimba mtima koti ndinene zonse ndinalibe. Kumene ndinali nako kunali kochepa, ndipo ndinakugwiritsa ntchito m'mawa wotsatira tsiku lija la tambala wa a Chikuse. Ndinafika kusanatenthe, m'matumba mulibe kanthu. Ndinafunditsa msuzi wotsala, kunyenya nyama imene a Nesi anasunga, kuwiritsa dzira nkuliphwanyira momwemo. Kapitawo anabwera yekha, akuyenda mowongoka. Anadya mbali imodzi ya mbale, nanyambita msuzi, nkusiya. Theka la dzira linatsala likundiyang'ana, chitseko chili chotseka, m'mimba mwanga mukulira.

"Fanuwelo, wadya?"

Ndinanyamula mbale ndi manja awiri mmene inalili, nkukagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Wadya theka, amayi. Theka lina ndi ili."

Anaweramira m'mbale, nagwaza dzira ndi chala, kuyeza ndi maso zimene zalowa ndi zimene zatsala.

"Ndiye singano iyambe yadikira," anatero. "Muyesenso."

Ndinabwerera kukhitchini, ndinayala thumba pansi, nkukhala moyang'anana ndi Kapitawo, mbale ili pakati pathu. Ndinapinda manja anga kumbuyo, ndipo ndinadikira mpaka anamaliza yekha.